Kuyesa Nkhani za Aumphawi Opereka

Pali mtundu wina wa nkhani umene Akristu onse a m'midzi audziwa bwino, pakuti uwerengedwa kawiri kawiri m'nyumba za mapemphero, ulembedwa m'makalata a mishoni, ndipo alaliki aukonda pa misonkhano ya misasa, makamaka tsiku lija losonkhetsa zopereka. Maina a maiko asinthasintha, koma mafupa a nkhaniyo ndi amodzimodzi. Pali mayi wamasiye, kapena nkhalamba yosapenya bwino, kapena mwana wa sukulu wopanda malaya. Ameneyo ali nako kanthu kamodzi kokha, nkhuku yoikira mazira kapena dengu la chimanga. Amva za nchito ya Mulungu, nanyamula kanthu kajako, nakapereka. Mbusa aona, nagwetsa misozi. Ndipo wolemba atsiriza ndi kufunsa owerenga kuti iwo amene ali nazo zambiri adzapereka chiyani. Ife aphunzitsi taziwerenga nkhani zotere pamaso pa mpingo zaka zambiri, ndipo mwezi uno tifuna kuziika pa muyeso, monga tiyesera buku liri lonse, kuti tione chimene zinena bwino ndi chimene zisiya.

Tiyambe ndi kubvomereza kuti nkhani izi si zopeka chabe. Ali yense amene anaimapo pafupi ndi gome la zopereka m'nyengo ya masika adziwa kuti lichero la nyemba ndi mazira atatu omangidwa m'kansalu zichokera kawiri kawiri ku nyumba zodontha, ndi kuti wopereka msanga sindiye nthawi zonse mwini nkhokwe yaikulu. Ndiponso muzu wa nkhanizi uli m'Malembo. Pa Marko 12:41-44 ndi pa Luka 21:1-4 tiwerenga kuti Ambuye wathu anapenyerera anthu alikuponya ndalama m'Kachisi, nayesa tindalama tiwiri ta mkazi wamasiye toposa zopereka zonse za eni chuma, popeza iwo anatapa pa zotsala, koma iye sanadzisiyire kanthu. Pa 2 Akorinto 8 Paulo atama mipingo ya ku Makedoniya, imene inali mu umphawi waukulu, koma inachita kupempha kuti iloledwe kuthandiza abale a ku Yerusalemu. Ndipo pa 1 Mafumu 17 mkazi wa ku Zarefati anaphikira Eliya ufa wake wotsiriza m'nyengo ya chirala.

Ubwino wina wa nkhanizi ndi uwu. Anthu a dziko lino talembedwa nthawi yaitali monga olandira okha okha, ongotambasula manja. Tsono nkhani ya wopereka wosauka ibwezera munthu ulemu wake, pakuti imuonetsa ali nalo dzanja lopatsa. Mwana amene amva kuti agogo ake aumphawi ali nako kanthu kamene Mulungu akawerengera adzayenda choweramuka pakati pa anzake. Chifukwa chake sitifuna kuti nkhanizi zileke kuwerengedwa. Koma mtsuko wokongola ukhoza kukhala ndi ming'alu, ndipo mwini wake akapanda kuiona, madzi athera pa njira. Ife taona ming'alu itatu.

Mng'alu woyamba ndi wakuti wopereka alibe dzina. Werengani bwino, ndipo mudzapeza kuti mbusa amene analandira nkhuku atchulidwa dzina lake ndi la mkazi wake, mudzi wa kwao kutsidya kwa nyanja utchulidwanso, koma mwini nkhuku angotchedwa mayi wina wosauka. Mabuku a mbiri ya mishoni ali nacho chizolowezi chomwecho. Atiuza, ndipo achita bwino kutiuza, kuti mishoni ya Blantyre inayamba m'chaka cha 1876, ya Mvera m'chaka cha 1889, ya Nkhoma m'chaka cha 1896; kuti a Adventist anayamba nchito yao m'chaka cha 1902 pa malo amene titcha Malamulo, natsegula Matandani m'chaka cha 1908, ndipo pambuyo pake nchito inafika kuno ku Thambani. Maina a Azungu oyamba tiwapeza onse. Koma mishoni yaikulu iri yonse inazingidwa ndi masukulu ang'ono ambiri a mitengo ndi udzu, ndipo sukulu yotere siinagwe kumwamba. Wina anapereka malo amene akadalimapo mapira. Amuna anadula mitengo ndi nsungwi, nasenda luzi. Akazi anamweta udzu, natunga madzi, nazira pansi. Ndipo mphunzitsi woyamba, mnyamata mlendo wopanda munda, anadya nsima ya munthu wina kufikira chimanga chake chitacha. Mwini nsima uja ali mmodzi wa oyambitsa mpingo, koma m'buku mulibe iye.

Kapena wina adzati, Kodi Ambuye sanalamule pa Mateyu 6 kuti zachifundo zichitike m'tseri? Ndipo kodi Marko sanabise dzina la wamasiye uja? Inde, n'zoona. Koma taonani kuti Marko sanatchulenso eni chuma aja. Anawayesa onse ndi muyeso umodzi. Ndipo lamulo la pa Mateyu 6 lilunjika kwa wopereka, kuti asadziombere lipenga. Silinena kwa wolandira kuti aiwale. Wopatsa akadzibisa, kumeneko ndiko kudzichepetsa. Koma wolandira akaiwala, kumeneko ndiko kusayamika. Paulo, amene anadziwa bwino mau a Ambuye, sanachite manyazi kulemba pa Aroma 16 mndandanda wautali wa maina a amuna ndi akazi amene anamthandiza, ndipo ambiri a iwo sitikadawadziwa konse iye akadapanda kutero.

Chitsanzo chimodzi chodziwika chitiphunzitsa kuti dzina la wosauka lisungika pokhapo wolemba akafunsa. David Livingstone anamwalira pa mudzi wa Chitambo, m'dziko limene lero ndi Zambia, pa 1 May 1873. Anthu amene anali naye sanali olemera. Ena anali akapolo oomboledwa, monga Chuma, Myao amene anamasulidwa ali mwana m'chaka cha 1861, masiku aja Livingstone ndi Bishopu Mackenzie anadza ku Magomero, ndipo chuma chake chinali dzina lokhalo. Akadatha kuika maliro pomwepo ndi kubalalika, ndipo palibe akadawatsutsa. Koma iwo anakwirira mtima wake patsinde pa mtengo, naumika thupi ndi mchere ndi dzuwa, nalisenza miyezi 9, ulendo woposa mamailosi 1,000, kufikira ku Bagamoyo m'mwezi wa February 1874. Analibe ndalama yopereka. Anapereka miyendo ndi mapewa ao, ndipo ena anadwala nafera pa njira. Tsiku loika maliro ku Westminster Abbey, pa 18 April 1874, mwa gulu lonselo panali Jacob Wainwright yekha. Susi ndi Chuma anafika ku Britain maliro atapita kale, ndipo Horace Waller, amene analikukonza zolemba zotsiriza za Livingstone kuti zisindikizidwe, anakhala nao pansi nawafunsa za ulendowo. Chifukwa cha kufunsa kumeneko ana a sukulu awadziwa awiriwa kufikira lero. Koma anzao makumi angapo, pamodzi ndi akazi monga Halima amene ankamphikira Livingstone, anthu ambiri sanawamvepo.

Mng'alu wachiwiri ndi wakuti nkhani izi ziyesa kupatsa kwa munthu wakuda ngati mbeu yachilendo imene inadza pa sitima pamodzi ndi belu ndi sileti. Wolemba azizwa, ngati waona nkhuku irikusambira, ndipo anena kuti taonani chimene Mau achita mwa munthu amene kale sakadapatsa. Pamenepa wolembayo sanaphunzire mudzi umene alikulemba. Makolo athu anali nacho chidyerano, pamene mabanja ankatulutsa nsima zao kuti zidyedwe pamodzi, amuna paokha ndi akazi paokha, kotero kuti mwana wamasiye ndi iye amene nkhokwe yake yatha ankadya osapempha ndi osachita manyazi. Anali nalo dima, pamene munda wa munthu mmodzi unkalimidwa ndi makasu ambiri. Pa maliro ufa, nkhuni ndi ndiwo zinkachokera ku nyumba zonse, monga zichitikabe lero. Mlendo ankaphikiridwa nkhuku imene ana a pa nyumbapo sakadailawa popanda iye, pakuti ankati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ndipo mmishonale woyamba anafika ali mlendo wotere, wosadziwa chinenero, wogwidwa ndi malungo, wosowa pomanga. Kapeni analola a ku Scotland kukhala m'dziko lake, Chiwere analandira a ku Mvera, Mazengera a ku Nkhoma. Mafumuwa anali nazo zifukwa zao, ndipo mantha a nkhondo anali chimodzi cha izo. Komabe mbiri yoona iyenera kunena kuti poyamba penipeni wolandira anali mmishonale, ndi wopatsa anali mudzi.

Nanga tsono tinene kuti Uthenga Wabwino sunaonjezepo kanthu? Iai ndithu. Mwambi wa makolo uti, kupatsa n'kuika. Ndipo wina uti, chipande cha therere chikoma n'kuyenderana. Miyambi iyi ndi yanzeru, koma iulula kuti kupatsa kwa kale kunkayembekeza kubwezeredwa, ndipo kawiri kawiri kunkalekeza m'malire a mbumba, a mudzi ndi a pfuko. Tisabise kuti m'masiku omwewo a chidyerano munthu wa pfuko lina ankagulitsidwa ndi nsalu. Ambuye pa Luka 14:12-14 aphunzitsa kuitanira ku phwando iwo amene sangathe kubweza, ndipo pa Luka 10 asandutsa mlendo wodedwa kukhala mnansi. Ife a ku Mwanza, dziko la manachesi, tidziwa nchito ya kumezanitsa: mlimi atenga tsinde la ndimu, lolimba ndi lozolowera nthaka, namangirirapo kanthambi ka nachesi, ndipo mtengo umene ukula ubala zotsekemera ndi mphamvu ya mizu yakale. Momwemo Uthenga unapeza tsinde liri chiimire. Chipatso chake chatsopano tichiona pamene anthu a dziko lino anayamba kupereka kwa iwo amene sadzawaona konse, napereka ngakhale ana ao. Monga Peter Nyambo, mwana wa dziko lino, amene m'chaka cha 1906 anapita pamodzi ndi Arthur Carscallen kukayamba nchito ku Gendia, m'dziko la Kenya. Wolemba amene atama nthambi naiwala tsinde wanena theka la choonadi, ndipo aphunzitsa ana athu kunyoza agogo ao.

Ndipo popeza olemba awa ayang'ana mbale ya zopereka yokha, anaphonya kupatsa kwakukulu koposa kumene kunachitika m'dera lathu lino, anthu ambiri amene alikuwerenga mau ano ali ndi moyo. Nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique, ya pakati pa boma la Frelimo ndi gulu la Renamo, inayamba m'chaka cha 1977, ndipo kuyambira 1986 anthu anayamba kuthawira kuno m'makamu aakulu. Pofika 1992 othawa nkhondo m'Malawi anaposa 1,000,000, pamene eni dziko, monga mwa kalembera wa 1987, anali pafupifupi 8,000,000. Anadzaza midzi ya m'malire ku Nsanje, ku Mulanje, ku Mwanza, ku Ntcheu ndi ku Dedza. Mabungwe a maiko anadza ndi ufa, nyemba ndi mahema, misasa monga wa ku Luwani inakhazikika, ndipo nchito yao inalembedwa m'mabuku ao ndi manambala ake onse. Koma galimoto ya ufa siifika usiku umene munthu waoloka malire. Usiku woyamba uja, ndi masabata otsatira, wothawa anagona pa khonde la munthu, nafunda chiguduli cha munthu, namwa phala la munthu. Ndipo pambuyo pake mafumu a midzi anagawa malo omangapo ndi olimapo. Ena mwa alendowo anali abale enieni, pakuti malire amene Angerezi ndi Apwitikizi anapangana m'chaka cha 1891 anadula pakati pa anthu a chinenero chimodzi. Koma ambiri anali osadziwika konse, ndipo analibe chobweza.

Kupatsa kumeneku kunali ndi mtengo wake. Nkhalango zinatha ndi nkhuni ndi milimo, minda inachepa, pa chitsime mzere unatalika; ndipo m'chaka cha chirala cha 1992 mwini mudzi anamva njala pamodzi ndi mlendo wake. Kudandaula kunalipo, pakuti anthu ndi anthu. Koma dziko silinatseke khomo, kufikira pangano la mtendere linasainidwa ku Rome pa 4 October 1992, ndipo alendo anabwerera kwao m'zaka zotsatira. Zomwezo zinaonekanso m'zaka za 2015 ndi 2016, pamene anthu pafupifupi 10,000 ochokera ku chigawo cha Tete anasonkhana pa mudzi wa Kapise, m'boma lathu lomwe lino, m'nyengo imene mvula inakana ndipo eni mudzi analibe chokwanira iwo okha. Ameneyu ndiye mkazi wa ku Zarefati wa masiku athu, ndipo sanali mmodzi. Ena anali a mpingo wathu, ena a mipingo ina, ena osapemphera konse. Nanga bwanji nkhani yao siiwerengedwa m'nyumba za mapemphero? Yankho lake ndi lakuti mphatso yao siinapite pa gome la mpingo, ndipo panalibe mbusa woilandira ndi kuilemba. Koma pa Mateyu 25 Ambuye awerengera chakudya cha wanjala ndi malo a mlendo monga zopatsidwa kwa Iye mwini.

Mng'alu wachitatu ndiwo waukulu, ndipo ndiwo watikakamiza kulemba. Nkhani izi zitha msanga. Nkhuku ikangofika m'manja mwa mbusa, wolemba aika cholembera pansi. Satiuza chimene mayi uja anadya madzulo ake, kapena ngati wina wa mu mpingo anapita kukaona denga lake mvula isanagwe. Kwa wolembayo mayiyo ndi chitsanzo chophunzitsira ena, monga chithunzi chopachika pa khoma la sukulu, ndipo phunziro likatha chithunzi chipindidwa. Komatu iye ndi munthu, ndipo mimba yake siikhuta ndi kutamidwa.

Pano tipempha owerenga athu atsegule Buku pa Marko 12, nayambe kuwerenga pa ndime 38, asayambe pa 41 monga tizolowera. Adzapeza kuti Ambuye asanaone wamasiye uja, anali atangochenjeza anthu za alembi okonda zobvala zazitali ndi mipando yaulemu, amene pa ndime 40 awaneneza kuti alusira nyumba za akazi amasiye nabisala m'mapemphero atali. Pomwepo, mau ali m'kamwa, afika wamasiye ndi tindalama take. Marko sanaike zinthu ziwirizi pamodzi mwangozi. Ambuye atama mtima wa mkaziyo, koma funso liri pa iwo osunga chuma cha Kachisi: zatheka bwanji kuti mwa anthu a Mulungu mukhale mkazi amene chuma chake chonse ndi tindalama tiwiri? Pakuti chilamulo pa Deuteronomo 14:28-29 chinaika kuti chakhumi cha chaka chachitatu chisungidwe m'midzi, kuti Mlevi, mlendo, mwana wamasiye ndi mkazi wamasiye adye nakhute. Paulo yemwe, m'mutu womwe uja atama Amakedoniya, anena pa ndime 12 kufikira 14 kuti munthu alandiridwa monga mwa chimene ali nacho, ndi kuti cholinga sindicho kupeputsa ena ndi kusautsa ena, koma kuti pakhale kulingana. Atumwi pa Machitidwe 6 anasankha amuna 7 chifukwa cha mlandu umodzi wokha, wakuti amasiye ena analikuiwalika pogawa chakudya. Ndipo nkhani ya ku Zarefati siithera pa mkate wa Eliya; itsatira mkaziyo kufikira chirala chitatha, nitiuza kuti iye ndi a pa nyumba pake anadya masiku onsewo. Olemba Malembo sanasiye wamasiye pa khomo la Kachisi, koma olemba athu amsiya.

Pali ngozi m'kuganiza kuti kupatsa kwa aumphawi ndi chitsime chosaphwa. Megan Vaughan, m'buku lake la 1987 lotchedwa The Story of an African Famine, anafufuza za njala ya 1949 m'midzi ya m'boma la Blantyre, nafunsa akazi amene anaiona, namvera nyimbo zao za pa mtondo. Chimene anapeza n'chowawa, koma chiyenera kumveka. Njala itakula, kudyera pamodzi kunaleka, banja liri lonse linayamba kusamala mphika wake. Amuna ambiri anapita kutali kukasuma chakudya, ndipo ena sanabwerere kwa akazi ao. Amene anasauka koposa anali akazi osiyidwa okha, nkhalamba ndi ana ang'ono. Buku limeneli silinalembedwe kuti limangirire mpingo, komabe pa mfundo iyi liposa nkhani zathu zambiri za mishoni, popeza linafunsa osaukawo, nililola iwo kunena okha. Litiphunzitsa kuti chifundo cha mudzi chiri ngati chingwe cha luzi: chimanga mtolo waukulu, koma ukachikoka kopitirira chiduka, ndipo oyamba kugwa ndiwo ofooka. Mpingo umene ungotapa mwa osauka osabwezamo ulikukoka chingwe chimenecho.

Ndipo taona kale kumene nkhani yodulidwa pakati ifikitsa anthu. Alipo alaliki, ena a pa wailesi ndi ena oyendayenda m'misika, amene atenga wamasiye wa pa Marko 12 namsandutsa wamalonda, nauza wosauka kuti abzale mbeu ya ndalama m'thumba la mlaliki kuti akolole chuma. Koma wamasiye uja sanalonjezedwe phindu, ndipo sanalifune. Iripo mipingo ina imene iwerenga maina ndi ndalama za ali yense mokweza, kuti wopereka pang'ono aweramitse mutu. Ndi ina imene pa tsiku la maliro iyamba yafunsa khadi la zopereka za womwalira isanayimbe nyimbo. Taonani chodabwitsa: dzina la wosauka, limene liiwalika pa tsiku loyamika, likumbukika bwino lomwe pa tsiku la ngongole. Sitinena izi kuti anthu aleke kupereka chakhumi ndi zaufulu. Nchito ya Mulungu iyenda ndi zimenezo, ndipo kumletsa wosauka kupereka ndiko kumlanda ulemu umene tanena poyamba paja. Tinena kuti amene alandira nkhuku ya wamasiye walowa m'ngongole kwa iye, ndipo nkhani imene siinena za ngongoleyo siinathe.

Tsono nkhani yotere ilembedwe bwanji? Chitsanzo tiri nacho pa Machitidwe 9:36-42, ndipo ndi chachifupi, chosafika ndime khumi. Luka atchula mkaziyo dzina lake m'zinenero ziwiri, Tabita ndi Dorika. Atchula mudzi wake, Yopa. Atchula nchito yake yeniyeni, ndiyo kusoka malaya ndi zobvala. Ndipo mboni zake ndiwo amasiye omwewo, amene aimirira alikulira naonetsa Petro zimene anawasokera. Wolemba sadzionetsa yekha, ndipo sazizwa kuti mkazi wa pa mudzi angachite zotere. Atiuzanso chimene mpingo unamchitira iye: unamsambitsa, unamgoneka m'chipinda, unatuma amuna awiri kukaitana mtumwi. Amayi athu a Dorika atenga dzina lao pamenepa, ndipo iwo pamodzi ndi a Mvano ndi a Chigwirizano m'mipingo ya anzathu ndiwo asenza ufa kunka nao kwa odwala, naphika pa maliro, nachapa zobvala za nkhalamba, ambiri a iwo ali osauka monga iwo amene awathandiza. Ngati tifuna nkhani zoona za aumphawi opereka, sitisowa kuzidikira kuchokera kutali.

Chifukwa chake tipempha aphunzitsi anzathu, alembi a mipingo ndi anyamata odziwa kulemba kuti agwire nchito iyi nkhalamba zisanathe. Pitani kwa agogo a kuno ku Thambani ndi a midzi yozungulira, khalani pansi mwaulemu, nimufunse amene anapereka malo a nyumba ya mapemphero, amene anadyetsa mphunzitsi woyamba, amene anaumba njerwa, amene anasunga alendo m'zaka za nkhondo ija ndi chimene anataya pakutero. Lembani maina ao m'buku la mpingo, eni ake kapena ana ao akalola; ndipo amene safuna kutchulidwa, mlemekezeni pakumbisa, koma mubisenso wolemera amene anapereka tsiku lomwelo. Musakometse nkhani ndi misozi imene simunaione. Lembani ndi zowawa zomwe, pakuti mphatso imene siinapweteke mwini wake siifuna wolemba. Ndipo musaike cholembera pansi kufikira mutanena chimene mpingo unachita pambuyo pake. Ngati sunachite kanthu, lembani chomwecho, kuti owerenga achite manyazi oyenera.

Kwa akulu a mpingo ndi atumiki tinena mau amodzi okha. Chaka chiri chonse, zokolola zikalowa m'nkhokwe, misonkhano ibwera, ndipo nkhani ya wamasiye iwerengedwanso. Iwerengeni, pakuti ndi yabwino. Koma pamene mulikuwerenga madengu ndi nkhuku madzulo a tsikulo, wina wa inu alembe pambali maina a iwo amene anapereka mopitirira mphamvu yao, ndipo mwezi wa January ukafika, nkhokwe zitayamba kuoneka pansi, mupite kukagogoda pa makomo amenewo muli ndi kanthu m'manja. Makolo anati, mnzako akapsa ndevu mzimire, mawa adzazima zako. Amayi awa anazima kale zathu.

Mphunzitsi, Thambani.